Loya wa zaufulu ali ku Blantyre, kodi wa kachewere pa Bembeke apindulanji?

Mu Marichi 2015, apolisi ku Blantyre anagwira venda wina, a Mayeso Gwanda, mbandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo. Mlandu wake unali wa vakabu. Ambiri ogwidwa chotere ankangovomera, kulipira chindapusa n'kubwerera kwawo. A Gwanda anakana, ndipo loya wawo, a Mandala Mambulasa, anaitengera nkhaniyi ku bwalo lalikulu la milandu. Mu Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lonena za vakabu, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Oikira kumbuyo maloya otere amayambira pamenepa. Amati chigamulocho sichinathere ku Limbe. Chimatetezanso mayi wa ku Bembeke, m'boma la Dedza, amene amalawirira kusanache ndi thumba la kachewere kupita kumsewu wa M1, ndi mnyamata wodikira lole pa Chimbiya usiku. Loya mmodzi, mlandu umodzi, koma phindu lake la dziko lonse.

Amatchulanso mlandu wa a Joshua Chisa Mbele, amene anazengedwa chifukwa cha zimene analemba pa intaneti zokhudza yemwe anali mkulu wa asilikali, General Vincent Nundwe. Mu Julaye 2025 khoti linathetsa gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkalola boma kumanga munthu pa mlandu woipitsa mbiri ya mnzake. Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limapereka ufulu wolankhula zakukhosi, koma panafunika wina wokaumenyera kukhoti patapita zaka 30.

Okayikira nawo ali ndi mfundo zolemera. Mlandu wotere sungathere pa khoti la majisitireti pa Dedza boma. Umafuna oweruza a bwalo lalikulu osachepera atatu, ndipo lapafupi lili ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 80. Maloya ambiri ali m'mizinda. Milandu yake imatenga zaka, ilibe ndalama, ndipo kawirikawiri imayenda ndi thandizo la mabungwe, monga momwe Southern Africa Litigation Centre ya ku Johannesburg inathandizira pa mlandu wa a Gwanda. Mlimi wa ku Lobi kapena ku Linthipe alibe njira yofikira kumeneko.

Okayikirawo amatinso lamulo lina likagwa, lina limatsala. Apolisi akhala akugwiritsa ntchito lamulo la zapaintaneti la 2016 pomanga anthu chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp.

Mbali zonsezi zimakumana pa funso la amene angaime pafupi ndi wogwidwayo tsiku loyamba. Bungwe la Legal Aid Bureau, limene limaimira osauka kwaulere, linapempha kuti maparaligo (othandizira maloya) aziloledwa kuimira anthu pa milandu ing'onoing'ono kwa majisitireti. Bungwe la maloya la Malawi Law Society linakana, likuti munthu wosaphunzira malamulo mokwanira akhoza kupweteketsa amene akumuimirayo. Nkhawayo ndi yomveka, koma wogwidwa pa Mayani sasankha pakati pa loya ndi paraligo. Nthawi zambiri amaima yekha.

Ntchito ya maloya a zaufulu yagwetsadi malamulo oipa. Chimene chikusowa ku Dedza ndi munthu wofika pa polisi m'mawa, wodziwa kuti gawo 200 linatha, wodziwanso kuti wogwidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48.