A ku Kabulonga apita ku Cape, ise ku Siavonga, koma livi ili kuti?

Mvula ikangotha, mafoni amayamba kudzala ndi zoitanila ulendo. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muona cithunzi ca boti dzuwa likulowa, pamwamba alembapo "Siavonga", pansi nambala ya mobile money. Amalonda awa amadziwa kalenda. Maholide athu anaunjikana pamalo amodzi: Isitala, Kenneth Kaunda Day pa 28 Epulo, Labour Day pa 1 Meyi, Africa Freedom Day pa 25 Meyi, ndiye Heroes na Unity kumayambililo kwa Julayi. Nyengo nayonso imavomela. Matope auma, ndipo ku cigwa ca Zambezi, kumene mu Okutobala munthu amapsa ali pamthunzi, miyezi ino kumakhala kofunda bwino pamene Lusaka wayamba kufuna juzi.

Mu mzinda uno maulendo a nyengo ino ali awili. Woyamba ndi wa aja a mageti aatali ku Kabulonga ndi mbali zina za Woodlands. Kucokela mu 2023 Proflight ili ndi ndeke yocoka pa Kenneth Kaunda International Airport kukatela ku Cape Town osaima pa Johannesburg. Kumeneko Malichi mpaka Meyi ndi nthawi imene akolola mphesa ndipo masamba m'minda ya ku Stellenbosch ndi Franschhoek afiila. Munthu amalipila kuti alawe vinyo, tambula pang'ono pang'ono, ndipo botolo limene timaliona pa shelefu ya Shoprite ndi Pick n Pay iye amaliona kumene linabadwila. Ise kuno minda ya mphesa yotelo tilibe, ndipo palibe cifukwa conamizila kuti tili nayo.

Cimene tili naco ndi nyanja. Ulendo waciwili ndiwo wa ise a mu basi: makilomita pafupifupi 200, kudutsa toll gate ya Shimabala, Kafue, kutsika mapili a mseu wa Chirundu, ndiye kukhota kulowa Siavonga. Maola atatu ngati ma truck akukomelani mtima. Magulu a kwaya, azimai a cilimba, anyamata a pa ofesi, amasonkha, kuhaya Rosa, kunyamula cooler box, kupita m'mamawa ndi kubwela usiku. Kugona ai. Ndipo apa m'pamene nkhani yonse yagona.

Boma limakamba kwambili za alendo. Mu Januwale 2025 linaonjeza maiko 53 pa mndandanda wa amene anthu ake safunika visa, ndipo linalengeza kuti mu 2024 alendo ocokela kunja anapitilila 2 miliyoni. Zabwino, madola tiwafuna. Limatilimbikitsanso ise eni dziko kuti tiziyendela malo athu. Manje tiyeni tiwelenge. Mu 2024 a JCTR anapeza kuti banja la anthu asanu mu Lusaka lifunika ndalama zopitilila K10,000 pa mwezi kuti lidye ndi kukhala bwino. Caka comweco malipilo otsikitsitsa a wanchito wa pa nyumba anali K1,300. Pa mtengo wa cipinda ca lodge pali VAT ya 16 pelesenti ndi tourism levy ya 1.5 pelesenti. Amai amene amacapa ndi kuphika ku Kabulonga, abwana ao akakwela ndeke, iwo ndiwo amatsala kusunga nyumba ndi agalu.

Koma ine ndiona kuti copinga cacikulu ndi nthawi, kuposa ndalama. Ndalama anthu a mu Kabwata ndi Chelstone amadziwa kuisonkha. Amene anakwanitsa kitchen party sangalephele mtengo wa Rosa. Lamulo la Employment Code la 2019 limati wanchito ayenela kupatsidwa masiku awili a livi pa mwezi uliwonse umene wasewenza, kutanthauza masiku 24 pa caka. Funsani ba driver amene akuyendetsani apa ngati anawaonapo masiku amenewo. Iwo tsiku limene basi yaima, cashing ya mwini basi siima. Ba conductor cimodzimodzi. Amai a pa Soweto Market akatseka tebulo masiku awili, tomato waola ndipo kasitoma wazolowela kwa mnzao. Anthu ambili osewenza mu dziko lino alibe kontilakiti yolembedwa, conco livi kwa iwo ndi cinthu cimene amangomva kwa a mu boma ndi a ku banki. Mungacepetse mtengo wa cipinda ndi theka, koma munthu amene sangacoke pa nchito usiku umodzi sadzagonamo.

Amene mudzapita, mukafika muyang'ane madzi bwino, cifukwa muyang'ana malaiti a kunyumba kwanu. Nyanja ija ioneka yosatha, kutalika kupitilila makilomita 220, koma madzi amene amapanga magetsi ndi a pamwamba cabe, mamita 13. Akatsika kupyola pamenepo, makina a Kariba North Bank, amene mphamvu yake yonse ndi ma megawatt 1,080, sangazungulile, ngakhale boti ikali kuyandama bwinobwino. Ndiye cifukwa cake mu 2024 ena anali kubwela ku Siavonga n'kumati, "Madzi ni yambili, ba ZESCO batinama." Sanali kunama a ZESCO pa nkhani iyi. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilala kukhala tsoka la dziko lonse. Zambezi River Authority inapatsa Zambia ndi Zimbabwe madzi okwana ma cubic metre 16 biliyoni kuti agawane pakati, ndipo pofika Seputembala makomboni ena anali kukhala mumdima maola 21 pa tsiku. Mukumbukila mtengo wa malasha, ma barbershop otseka, ndi nyama yoola mu fridge.

Madzi amenewo amacokela kutali. Ndi aja amene amasefukila ku Barotse, amene amanyamula Nalikwanda pa Kuomboka, n'kudutsa pa Victoria Falls, n'kufika mu Kariba mocedwa. Conco nyanja imakwela kucokela ca mu Malichi mpaka pakati pa caka, ndipo amene apita mu Meyi kapena Juni amaiona itavala bwino. Mukafuna kudziwa za load shedding, funsani a pa boti kuti madzi anali pati caka catha mwezi ngati uno. A ku Cape nawonso asamatinyadile kwambili: mu 2018 Cape Town inatsala pang'ono kuuma mipopi, munthu aliyense n'kumuikila malita 50 pa tsiku.

Pali cinanso cimene zithunzi za pa Facebook sizionetsa. Pamene anamanga damu ija, kucokela mu 1955 mpaka 1959, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwili za mtsinje anasamutsidwa kucoka pa minda yao ya m'mbali mwa Zambezi. Magetsi anapita ku migodi ndi ku matauni. Lelo mukayenda m'mbali mwa madzi mu Siavonga, malo abwino ambili ali kuseli kwa mpanda wa lodge, ndipo amene sagona amalipila pa geti kuti akapondeko mcenga. Ngati khonsolo ya Siavonga ndi unduna wa zokopa alendo afunadi mlendo wa mu basi, ayambile apa: gombe la anthu onse, la zimbudzi zoyela, mthunzi, ndi munthu woyang'anila osamba. Mlendo wotele sabwela ndi madola, koma amagula kapenta, nsomba yoocha ndi madzi ozizila kwa mwana wa pamalopo, ndipo amabwela caka ndi caka, visa kapena ai. Kapenta uja, paja, nayenso ndi mlendo: anamubweletsa kucokela ku Lake Tanganyika ca m'ma 1960.

Kwa amene mwasonkha kale, mau ocepa. Musatumize deposit ku nambala imene simudziwa mwini wake. Imbani ku lodge mumve ngati gulu lanu lilidi m'buku. Uzani driver kuti mapili a mseu wa Chirundu mufuna kuwadutsa kukali kowala, pakuti ndi mseu wa ma truck olemela opita ku Zimbabwe ndi South Africa, ndipo mabuleki amakana pomwepo. Driver amene wakhala pa cooler box ndi inu tsiku lonse asagwile siteling'i. M'madzi muli ng'ona ndi mvuu, conco sambani pokhapo pamene eni malo akuuzani. Pa boti welengani ma life jacket musanakwele, ndipo ngati ndi ocepa kuposa mitu, tsikani ngakhale anzanu akuseke. Mu Okutobala 2014, pa nyanja yomweyi ku Gwembe, boti inagubuduka ndipo anthu 26 anamila, ambili a iwo ana a sukulu amene anali kupita ku cikondwelelo ca ufulu.