Injini ndi ya Toyota, thupi la Land Rover: tigule bwanji?

Galimoto yomwe yatha zaka 40 ikukwera zitunda za ku Neno, dzinja ndi chilimwe, siingakhale ndi zitsulo zonse zomwe inachoka nazo ku fakitale. Wogulitsa akakuuzani kuti "bwana, iyi palibe chomwe tinagwirapo," dziwani kuti mwina akunama, apo ayi galimotoyo yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Zonse ziwiri si nkhani yokoma kwa munthu yemwe wagwira ndalama m'manja.

Magalimoto omwe tinkawatcha ziphapha ayamba kupatsidwa ulemu. Land Rover Series III, yomwe ankaipanga kuyambira 1971 mpaka 1985, lero ku Ulaya ndi chuma. Peugeot 504, yomwe ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004, ili ndi anthu ake oikonda. Nissan 1400, kabokosimatchesi kaja, ku South Africa anasiya kukapanga mu 2008 ndipo kumeneko kakusakidwabe. Anthu osunga magalimoto akale kunjako amafuna chinthu chimodzi: nambala ya injini ndi ya chasisi zikhale zomwe zinachokera limodzi ku fakitale, mipando yomweyo, mtundu wa penti womwewo. Ukasintha injini, mtengo kwa iwo wagwa, ngakhale yatsopanoyo ikhale yamphamvu bwanji.

Muyezo umenewo ndi wabwino kwa munthu woyendetsa galimoto yake Lamlungu masana pa phula losalala. Kuno sugwira. Mlimi wa mbatatesi ku Dambe safuna chokongoletsa pakhomo. Akufuna kuti matumba ake atsike mapiri a Kirk Range, akafike ku Zalewa asanawole. Wogula manachesi naye chimodzimodzi. Injini ya petulo ya Land Rover yakale imamwa mosaona nkhope, ndipo ikathyoka kachitsulo kamodzi, mwezi umatha mukufunsa m'mashopu a ku Limbe. N'chifukwa chake amakaniko athu amaizula n'kuikamo ya dizilo ya Toyota, ija ya 2L kapena 3L, yomwe masipeya ake ali ponseponse ndipo mnyamata aliyense wa pagalaja amaidziwa mkati ndi kunja. Ine kusintha kotereku sindikuona ngati kuwononga. Kukanapanda amisiri amenewa, magalimotowa bwenzi atagulitsidwa kalekale pa sikelo ngati zitsulo zotha ntchito.

Koma kusintha kuli mitundumitundu, ndipo apa ndi pomwe ogula ambiri amapunthwa. Amatha ola lathunthu akusirira marimu onyezimira, wailesi yogunda ndi magetsi abuluu, osagwada n'komwe kusuzumira pansi. Valani zovala zakumunda, tengani tochi ndi kanyundo, lowani kunsi. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, siligwira dzimbiri, ndipo limanyenga: kunja mbee, pomwe chasisi, chomwe ndi chitsulo wamba, chadyeka mkati ndi matope a zaka zambiri. Chigogodeni. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chowola chimangoti phuu, nthawi zina n'kuyoyoka fumbi lofiira. Mukaona penti yakuda yonyowa pamalo amodzi okha, makamaka pomwe masipuling'i amagwirira, palani pang'ono ndi chikhadabo. Kawirikawiri pamakhala powotcherera pa dzana. Kwa Peugeot kapena Nissan, yendetsani kamaginito m'munsi mwa zitseko. Pomwe sikakumata, pamatidwa fila wokhuthala kubisa ngozi yakale.

Kusintha komwe ndimadana nako ndi kwa umbombo. Mwini galimoto amawonjezera masipuling'i awiri atatu kumbuyo kuti kapikapu konyamula theka la tani kazisenza tani yathunthu, pamwamba pa matumba n'kukhazikapo anthu a matola. Injini waikamo yaikulu, matayala akuluakulu, koma mabuleki ndi omwe aja a mu 1978. Pokwera imathamanga bwino, aliyense n'kumayamikira. Funso ndi la pamtsetse, mvula itagwa, kumanzere kuli phompho. Galimoto yotere, ngakhale mtengo utsike chotani, isiyeni.

Ndiye pali mapepala, omwe anthu amawakumbukira ndalama zitapita kale. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili mu blue book. Ngati injini inasinthidwa, wogulitsa akuonetseni kuti anakalembetsa ku Road Traffic, komanso lisiti ya komwe anaigula. Akayamba za "tidzakonza, ndili ndi mnzanga kumeneko," nyamukani. Chipata cha Mwanza tili nacho pafupi, ndipo si chinsinsi kuti magalimoto ena obedwa ku South Africa amadutsa m'maiko oyandikana nafe n'kudzathera kuno. Nambala yooneka yopalidwa kapena yokhomedwa mokhotakhota ingakugonetseni m'chitokosi pa mlandu womwe simukuudziwa mutu wake. COF nayo muione, ngakhale tonse tikudziwa kuti kapepala ka pagalasi sikaimitsa galimoto.

Kwa inu ogulitsa, pali chinthu chomwe chimandiwawa. Injini yakale ikachotsedwa, imatayidwa pansi pa mtengo wa mango mpaka ana atamaliza kuisasula. Chiwongolero chenicheni chimasinthidwa ndi ka mpikisano, mipando ya fakitale n'kukhala ya pakhonde. Masiku ano chithunzi chimodzi pa Facebook kapena WhatsApp chimafika ku Lilongwe ndi ku Johannesburg tsiku lomwelo, ndipo wogula wa kumeneko, funso lake loyamba lidzakhala lakuti zitsulo zoyambirira zili kuti. Ikani injiniyo m'nyumba, itsireni oyilo, ifunditseni. Posintha chinthu, gwiritsani mabawuti m'malo modula ndi kuwotcherera, kuti wofuna kubwezeretsa zakale adzathe. Potero galimoto imodzi mwaipezera misika iwiri: wa mlimi wofuna ntchito ndi wa munthu wofuna mbiri.

Tsono munthu atandiikira ziwiri pamtengo wofanana, ina yosagwiridwa koma yogona zaka khumi, ina ya injini ya Toyota yolembetsedwa bwino, chasisi cholimba ndi mabuleki okonzedwa molingana ndi katundu wake, ine wa ku Neno nditenga yachiwiriyo. Ndipo ndisanapereke khobidi, nditenga makaniko wanga, osati wa mwini galimoto, tikaiyese itasenza katundu pa msewu wotsikira ku Lisungwi.