Khansa sinandilande miyendo

Lero choko ndaika pambali, ndikulemba ngati wodwala.

Madokotala atandipeza ndi khansa ya m'matumbo anandichita opaleshoni, kenaka ndinayamba kumapita ku Gulupu ku Blantyre kukalandira mankhwala aja amati kemo. Nditabwerera kwathu kuno ku Thyolo, anthu anandikonda mpaka kutsala pang'ono kundipundula. Mayi akunyumba anandiletsa ngakhale kukatsekulira mbuzi m'khola. Apongozi atabwera kudzandizonda anati, "Aphunzitsi, inu muzingogona basi. Mukamayendayenda matendawa athamangira thupi lonse."

Ndinamvera, ndinagona milungu itatu. Zotsatira zake? Miyendo inayamba kunjenjemera, nsima osalowa, usiku tulo osabwera, maganizo ali pa maliro anga omwe. Tsiku lina namwino anandifunsa, "Bambo, kodi mukumayendako?" Nditakana, anati ndiyambe mawa lomwelo, ngakhale mphindi 10 zokha.

Ndinayambadi. Tsiku loyamba ndinangofika pa mtengo wa bulugamu wa kuseri kwa sukulu n'kubwerera, befu ali m'khosi. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Pano m'mawa uliwonse ndimatsata kamsewu kodutsa m'minda ya tiyi cha ku Satemwa, kukagwa chiperoni ndimavala jekete n'kumapitabe. Amayi othyola tiyi, madengu ali kumsana, amandilonjera, ena mwa iwo ndi makolo a ana anga a Fomu 4. Moni ameneyo amandikumbutsa kuti ndikadali munthu pakati pa anthu.

Maganizo anga ndi awa: chizolowezi chathu chogoneka wodwala khansa pamphasa tsiku lonse chimachokera m'chikondi, koma chimawononga. Kutopa kwa khansa n'kosiyana ndi kutopa kochokera kumunda. Sikutha ndi kugona. Munthu akangogona minofu imafota, ikafota amatopa msanga, akatopa amagonanso. Kuyenda ndi kumene kumadula chingwe chimenechi, ndipo sikufalitsa khansa m'thupi monga ankaopera apongozi.

Izi si zanga ndekha. Mu 2020 bungwe la WHO linalangiza kuti akuluakulu, kuphatikizapo amene akukhala ndi khansa, azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku 5. Mu 2025 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu 889 odwala khansa ya m'matumbo amene anali atamaliza kemo, ambiri a ku Canada ndi Australia. Theka la iwo linapatsidwa mlangizi wowathandiza kulimbitsa thupi kwa zaka 3, ndipo ambiri anasankha kuyenda ndawala. Patatha zaka 8, anthu 90 mwa 100 alionse a gulu limeneli anali moyo, pamene gulu linalo anali 83.

Komatu musandimve molakwa. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala akuchipatala. Ngati thupi latentha pamene mukulandira kemo, thamangirani kuchipatala. Ngati mukumva chizungulire, magazi achepa, kapena khansa yafika m'mafupa, yambani mwafunsa adokotala. Muyeso wake ndi wosavuta: yendani moti mukutha kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo.

Chinanso, wina asatenge nkhaniyi n'kumati mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, azisenzabe dengu la tiyi tsiku lonse mvula ili pamsana. Kumeneko n'kukhetsa mphamvu zochepa zimene watsala nazo. Akapitawo ndi mabwana a m'maesiteti, munthu wotere mupatseni ntchito yopepuka, kuti aziyendabe, azionana ndi anzake, komanso pakhomo pasasowe mchere.

Inu osamalira odwala, mawa musangoyala mphasa. Mugwireni dzanja wodwala wanuyo, mufike naye pachitsime kapena pagolosale, mubwerere. Mayi akunyumba amene ankandiletsa aja, pano ndi amene amandidzutsa tambala akalira, nsapato zili kale pakhomo. Za mawa mwini wake ndi Mulungu, koma teremu ino ndabwerera m'kalasi, ndipo piriyodi yonse ndikumaphunzitsa chiimirire.

Mukandiona m'mawa pakati pa tiyi musandimvere chisoni. Bwerani tiyendere limodzi.