Fayilo ibwere kwa iye, osati iye akwere pampando

Azichemwali, lero tikambirane za mafayilo. Eee, mafayilo omwewa. Musathawe, nkhaniyi ndi ya ufulu wa amayi yeniyeni.

Ntchito zambiri zomwe atsikanafe timayambira m'tauni ndi za mu ofesi: usekilitale, ukalaliki, ku registry, ku HR, ku accounts. Aliyense amene analowako mu registry akudziwa mmene mumakhalira: makabati achitsulo, mashelefu ofika kudenga, makatoni ounjikana, kampata kongodutsa chammbali. Fayilo ya pamwamba umakwera pampando, ya pansi umagwada. Ndiye mtsikana woyenda pa wheelchair kapena ndi ndodo, dipuloma yake ili m'manja, akafika pa intavyu mabwana amayang'ana miyendo yake kenako mashelefu awo, basi nkhani yatha. Kalata yake imangoti "simunachite mwayi". Sanalephere iyeyo. Yalephera ndi ofesi.

Ndipo si anthu awiri atatu ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti 10.4 peresenti ya Amalawi a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali wina wake, anthu opitirira 1.5 miliyoni. Ena mwa iwo tinakhala nawo kalasi imodzi. Nanga ku ofesi kwanu alipo angati?

Njira zothetsera vutoli zilipo kale. Kuli makabati oyendera magetsi omwe mashelefu ake amazungulira mkati: ukadina nambala, shelefu imene ukufuna imabwera yokha n'kuima pomwe manja ako akufika uli chikhalire. Palinso njira imene maofesi ambiri kuno ayamba kutsata, yosunga zikalata pa kompyuta, moti ukalemba dzina fayilo imatuluka pompo. Kwa mnzathu wa pa wheelchair, apa palibenso zonyamula. Mnzathu wachialubino amene maso amamuvuta amakulitsa zilembo. Wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera mokweza zomwe zili pa sikirini, monga JAWS yogula kapena NVDA, imene ndi yaulere.

Koma tisaombe m'manja msanga. Kompyuta nayo imatha kusala.

Ofesi ikangopanga sikani mapepala n'kuwasunga ngati zithunzi, NVDA siwerenga kanthu, chifukwa kwa iyo chikalatacho ndi chithunzi basi. Pamafunika kuchidutsitsa mu OCR, imene imasandutsa chithunzi kukhala mawu enieni, ndipo munthu aonenso ngati zatuluka bwino. Sisitimu yofuna mausi pa chilichonse yatsekera kunja wosaona, amene amayendera kiyibodi, komanso amene manja ake amanjenjemera. Mabatani opanda mayina, pulogalamu imangoti "button, button", ndiye munthu adine iti? Kabati yamagetsi yokhala ndi sikirini yongokhudza, yoikidwa m'mwamba, yasiyana pati ndi shelefu yakale ija? Ndipo magetsi athuwa tikuwadziwa tonse: opanda jenereta kapena sola, akazima ntchito yaima.

Mbali imene imatiwawa kwambiri ndi iyi. Sisitimu ikamukana mzimayi waulumali, amakakamizika kudalira munthu wina tsiku ndi tsiku. "Achimwene, tandiwerengereniko." "Bwana, tanditsitsireniko fayilo iyo." Payslip yake amawerenga ndi ena. Kalata ya kuchipatala, kalata yodzudzulidwa, zonse poyera. Ndipo tonse tikudziwa kuti m'maofesimu alipo abambo ena amene thandizo lawo silikhala laulere, mawa lake amayamba zija za "nanga ine mundiganizira liti?" Akadandaule bwanji za munthu yemweyo amene amamuwerengera zikalata? Mzimayi akamatsegula yekha fayilo yake, amakhalanso ndi mphamvu yokana. Nchifukwa chake tikuti nkhaniyi ndi yathu.

Sitikupempha chifundo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi wamkazi kapena ali ndi ulumali. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 27 ya panganoli imafuna kuti malo antchito ndi zida zake zikonzedwe mogwirizana ndi zosowa za wantchitoyo. Mu 2024 tinalandiranso lamulo latsopano la anthu aulumali, lomwe linabweretsa MACODA m'malo mwa MACOHA. Malamulo alipo. Chatsala ndi kuti afike mu registry.

Ena ati, "makinawa ndi odula." Zoona, kabati yozungulira ija si ya ofesi iliyonse. Koma NVDA ndi yaulere. Kutsitsa mafayilo ogwiritsidwa ntchito tsiku lililonse kuti akhale pofikira, kuchotsa makatoni panjira, kutumiza chikalata cha Word m'malo mwa chithunzi cha pa WhatsApp, zimenezi sizifuna bajeti. Chimene chimadula ndi kugula sisitimu yolakwika n'kumadzaikonza pambuyo.

Ndiye tichite izi. Amene muli ku HR, ku IT kapena ku procurement, ofesi isanagule sisitimu funsani: imagwira ndi kiyibodi yokha? Imawerengeka ndi NVDA? Ayese kaye ndi amayi aulumali eni ake, ndipo muwalipire nthawi yawo. Mabungwe ngati FEDOMA ndi Malawi Union of the Blind alipo, agogodeni. Funsaninso za njira yofikira ku desikiko, chifukwa fayilo yobwera yokha ilibe ntchito ngati ofesi ili pamwamba popanda lift, chimbudzi chosalowa wheelchair. Ndipo makina asakhale chonamizira chochotsera amayi ntchito. Awaphunzitse kuwagwiritsa ntchito.

Nafenso a m'magulu a amayi zikutikhudza: positi iliyonse ya chithunzi izikhala ndi mawu ofotokoza zomwe zili pachithunzipo.

Asisi aulumali amene muli pantchito kapena mukusaka ntchito, chimakutsekerezani kwambiri n'chiyani mu ofesi? Tiuzeni, tikumva. Enanu tumizani uthengawu kwa a HR anu Lolemba lisanafike.