Njinga ya pageni: aluminiyamu kapena kaboni?

Pakati pa njinga za kaunjika zochokera kunja pamapezeka zina zopepuka modabwitsa, zoti munthu n'kunyamula ndi dzanja limodzi. Zimenezi ndi za kaboni, mtundu womwe amapalasa akatswiri a mpikisano wa Tour de France. Koma wamalonda amene amapalasa m'mawa uliwonse kupita kumsika asafulumire kutulutsa mpamba. Pakati pa felemu ya kaboni ndi ya aluminiyamu, yomuyenera ndi ya aluminiyamu.

Kaboni si chitsulo ayi, ndi ulusi wolimba womatidwa ndi guluu wapadera. N'zoona kuti ndi wopepuka, sachita dzimbiri, ndipo sagwedeza thupi kwambiri pamsewu. Koma kawirikawiri kusiyana kwa kulemera kwa mafelemu awiriwa sikupitirira kilogalamu imodzi, kulemera kwa paketi ya shuga. Wampikisano kusiyanaku amakuwerengera. Wonyamula dengu la tomato sakumva n'komwe.

Vuto lalikulu lili pa kugwa. Pamsika njinga imatsamira pamtengo, imagundidwa ndi wilibala, imamangidwa ndi mphira pamwamba pa lole. Aluminiyamu akagundidwa amapindika poonekera, mwiniwake n'kudziwa. Kaboni amatha kung'ambika mkati penti ili bwinobwino, n'kudzathyoka mwadzidzidzi njinga ili pamtsetse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo njinga ya kaunjika siulula kuti inagwa kangati kwa mwini wake woyamba.

China ndi kaliyala. Mafelemu ambiri a kaboni a mpikisano alibe timabowo tomangirapo kaliyala, ndipo kumanga ndi mabawuti opanikiza paipi kumatha kuiphwanya. Njinga yopanda kaliyala pageni ndi yongotchenera. Ikathyoka, kaboni sawotchereredwa, ngakhale mmisiri wa ku Mchesi kapena ku Ndirande akhale waluso chotani.

Aluminiyamu nayenso ali ndi pofooka pake. Makina wamba owotcherera zitseko ndi mageti samugwira bwino. Amafuna makina apadera, ndipo pamene pawotchereredwa pamakhala pofewa. Motero ndi woyenera munthu ndi katundu wochepa, monga chikwama cha zovala kapena ndowa ya mandasi. Wonyamula matumba a chimanga a makilogalamu 50, makala, kapena wakabaza, asasiye felemu ya chitsulo. Si mwangozi kuti njinga za Buffalo, zomwe kaliyala wake anapangidwira makilogalamu 100, ndi za chitsulo.

Pogula, wamalonda atenge maginito m'thumba. Akamatirira, felemuyo ndi ya chitsulo. Akakana, ayang'ane polumikizira mapaipi: aluminiyamu amakhala ndi mizere yokhuthala ya kuwotcherera, pamene kaboni amakhala wosalala paliponse. Pa aluminiyamu apukute fumbi ndi kufufuza timing'alu pafupi ndi chiwongolero, pansi pa chishalo ndi pozungulira mapedulo. Akaona mng'alu, aisiye ngakhale mtengo utsike bwanji. Afunsenso okonza njinga a pamsika wake ngati matayala, tcheni ndi mabuleki a njingayo zimapezeka.

Tsiku limene njinga yagona kwa wokonza, benchi imakhala yopanda katundu ndipo kasitomala amapita kwa wina. Njinga ya wamalonda iyesedwe ndi masiku amene yamufikitsa kumsika, osati ndi kupepuka kwake m'manja.