Pamwezi madzi alipo, koma si a m'chitsime

Mukamva pa wailesi kuti asayansi apeza madzi pamwezi, musaganize za dambo kapena mtsinje ngati wa Lirangwe. Kumwezi kulibe mitambo kapena mvula. Madzi oyenda sangakhaleko, chifukwa popanda mpweya wowaphimba amauluka kapena kuuma gwa.

Anthu a maulendo a Apollo opita kumwezi atabwera ndi miyala ya pamwezi pakati pa 1969 ndi 1972, ambiri anagamula kuti mwezi ndi wouma. Maganizo anasintha mu 2009. Chombo cha dziko la India, Chandrayaan-1, chinanyamula chipangizo choyeza kuwala kobwerera kuchokera panthaka, ndipo kuwalako kunaonetsa zizindikiro za madzi. Komabe chizindikiro chokha sichinakhutiritse onse. Pa 9 Okutobala chaka chomwecho, bungwe la NASA linagwetsa dala chidutswa cha roketi m'chidzenje cha Cabeus, kumwera kwenikweni kwa mwezi. Chombo china chinkatsatira pambuyo n'kuyeza fumbi lomwe linabuka, ndipo m'fumbimo munali madzi okwana makilogalamu pafupifupi 155. Umenewu ndiwo umboni womwe ine ndimauona wolemera, poti anachita kufukula.

Nanga madziwo asungika bwanji? Kumpoto ndi kumwera kwa mwezi dzuwa limadutsa chammunsi, moti pansi pa maenje ena akuya silinawalepo kwa zaka mamiliyoni ambiri. Kuzizira kwake kumapitirira madigiri 160 pansi pa ziro, ndiye madzi ofika ndi miyala yakugwa kuchokera mumlengalenga amaundana n'kukhala pomwepo. Mu 2020 asayansi analengeza kuti ndege ya SOFIA, yonyamula makina oonera zakuthambo, inawapezanso pamalo owala dzuwa m'chidzenje cha Clavius, koma ochepetsetsa: mchenga wa ku Sahara uli ndi madzi ochuluka kuwirikiza ka 100.

Wina anganene kuti kuno mijigo ikuphwa mu Okutobala, za mwezi zitipindulira chiyani? Funsoli ndi lomveka. Koma ife a kuno tikudziwa kuti madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, kudzera ku Chileka, ndipo ndalama zambiri zimathera pa magetsi okankhira madziwo kumtunda. Kuwakweza mpaka kumwezi, mtunda wa makilomita 384,000, n'kodula kosaneneka. Anthu opita kumwezi akawapeza komweko, adzamwa, adzatengamo mpweya wopuma ndi mafuta a roketi. N'chifukwa chake India anatsitsa chombo cha Chandrayaan-3 chakumwera kwa mwezi pa 23 Ogasiti 2023.