Mawu a Mkonzi: Cisankho cimayambira pa mapepala

Abale ndi alongo a ku Ulóngue, Milange, Mandimba ndi Metangula, ambiri timaganiza kuti cisankho ca autarquia cimayamba tsiku loponya voti. Ayi ndithu. Munthu amene mukumufuna atha kugwa miyezi iwiri voti isanafike, cifukwa ca pepala limodzi lokha.

Kuyambira mu 2018, mtsogoleri wa autarquia sitimusankha payekha. Timavotera mndandanda wa cipani, wa mgwirizano wa zipani kapena wa gulu la nzika, ndipo amene ali pamwamba pa mndandanda wopambana, cabeça de lista, ndiye amakhala mtsogoleri. Conco mndandanda ukakanidwa, amagwa onse pamodzi.

Mndandanda usanalowe pa pepala lovotera, bungwe loyendetsa zisankho la CNE limayamba launika mapepala a munthu aliyense. Limafuna fotokope ya B.I. yotsimikizidwa, umboni woti analembetsa m'kaundula wa ovota, kalata ya registo criminal, ndi kalata imene iye mwini wasaina yovomera kuima. Limawerenganso ngati maina akwanira, pamodzi ndi a anthu odikira kulowa m'malo, ma suplente. Likapeza colakwika coti cikhoza kukonzedwa, limadziwitsa woimira mndandandawo, mandatário, ndi kumupatsa masiku ocepa cabe. Amene sanakhutire ndi cigamulo ca CNE amakadandaula ku Conselho Constitucional, ndipo mawu a kumeneko ndi omaliza.

Zimenezi si nthano. Mu 2018 mumzinda wa Maputo, mndandanda wa gulu la AJUDEM, umene Samora Machel Júnior anali pamwamba pake, unakanidwa cifukwa anthu ena anacotsa maina awo, otsalawo n'kuperewera. Caka comweco Venâncio Mondlane anakanizidwa kutsogolera mndandanda wa Renamo, cifukwa anali atatula pansi mpando wake m'nyumba ya malamulo ya mzindawo. Ngati zinacitikira anthu odziwika cotere ku likulu, nanga bwanji ife?

Kuno kumalire tili ndi mabvuto athuathu. Ena anabadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo ndipo mpaka lero alibe B.I. Ena dzina linalembedwa mwa Cipwitikizi pa B.I., koma pa pepala lina mwa Cinyanja. Ena B.I. yawo inatha nthawi osadziwa. Zonsezi zimakonzeka, koma osati m'sabata yomaliza.

Kuunika mapepala n'koyenera, pakuti kumatiteteza kwa anthu osaloledwa ndi lamulo ndiponso ku maina olembedwa eni ake asakudziwa. Koma ndodo yake ikhale imodzi kwa onse, cipani cacikulu ndi gulu laling'ono. Tikupempha a CNE kuti akakana mndandanda azifotokoza cifukwa cake poyera, m'cinenero comwe anthu akumva.

Inu ovota, udindo wanu ndi uwu. Musapereke B.I. kapena khadi lanu lovotera kwa munthu amene sanakuuzeni nchito yake. Musasaine pepala limene simunawerenge kapena kuwerengeredwa. Maina akalengezedwa, pitani mukawaone, ndipo funsani ngati dzina limene mumayembekezera palibe. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Cisankho ca ma autarquia cinacitika pa 11 Okutobala 2023, ndipo cina cikuyembekezeka mu 2028. Amene akufuna kudzaima, ayambe lero kukonza mapepala ake.